Mpweya Umene Ndinatulutsa m'Kathanki ka Amalume

Ndivomere poyambirira pomwe, chifukwa ku Cuamba mpaka lero ena amati anali magetsi, ena amati ukalamba, ena amanong'onezana za ufiti wa amisiri anzawo: mpweya uja ndinautulutsa ndine. Ndinagwiritsa ntchito kamtengo kamodzi ka machesi, ndipo sizinanditengere nthawi yoposa yosenda nthochi. Ndine Zito, wa ku Mandimba, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amene ndinaphunzira nawo sangadabwe.

Kwathu ndinachokako chifukwa cha luso lomweli. Mandimba ndi tawuni ya matayala. Njinga zakapalasa ndi zamoto zimayenda tsiku lonse pakati pa msika ndi malire a dziko la Malawi, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti tayala la njinga yamoto lili ndi kamlomo, kamlomoko kali ndi kachipewa, m'kati mwake muli kamsomali koti ukakadina kamalira kuti tsiii. Anzanga ankangodziwa n'kusiyira pomwepo. Ine ndinaona kuti ndi mphatso. Njinga ya aphunzitsi athu a masamu ndinaiphwetsa katatu. Kachitatu ndinalawirira kunyumba kwawo tsiku la mayeso, ndipo anafika pasukulu akukankha, mapepala a kalasi ya khumi ali kukhwapa, malaya atamatirira kumsana. Tinaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Akuluakulu a sukulu anati ndikapume chaka chathunthu. Ndinawauza kuti sindinaboole kanthu, komanso mpweya ngwaulere. Sanaseke.

Bambo anga anamwalira ndili wakhanda. Mayi amagulitsa nyemba kumsika ndi kulima ku Mitande. Tsiku limenelo sanandimenye. Anatenga foni n'kuimbira mlongo wawo ku Cuamba, ine ndili pomwepo.

"Achimwene, mwanayu wandikanika. Mutengeni."

"Abwere," anatero mawu a mufoni. "Mapaipi sadziwa nthabwala."

Akanandikakamiza ndikanakana. Koma mayi anangonditembenukira n'kufunsa, "Upita?" Ndinayang'ana makasu amene anatsamira khoma, ndinaganizira dzuwa la ku Mitande, ndinati ndipita. M'mawa mwake ndinali mu chapa, minibasi ya kwathu kuno, nditapanikizidwa pakati pa thumba la chimanga ndi mayi wina wonenepa, ndikudziuza kuti ndikupita kukakhala bwana.

Amalume anga, a Bonifasiyo, anabadwira ku Mandimba. Nthawi ya nkhondo banja lonse linathawira ku Malawi, ndipo pobwerera ena onse anagwira makasu, iwo anapitirira mpaka ku Cuamba. Anayamba ndi kukonza mapaipi a madzi ku njanji, kenako anadziimira paokha. Akazi awo anamwalira kalekale, ana sanakhale nawo. Ankakhala m'chipinda chimodzi pafupi ndi njanji, moti sitima zazitali zija zikamadutsa makapu ankavina pa tebulo. Anthu ankawatchula Mesitiri, kutanthauza mmisiri wamkulu. Tsiku loyamba anandionetsa mphasa yanga, bokosi la zida, kenako foni yawo yakale yomanga ndi labala.

"Ndilibe sitolo, ndilibe chikwangwani," anatero. "Anthu amangouzana dzina langa, foniyi n'kulira. Dzinalo likaipa, tonse awiri tigona ndi njala. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinali ndikuyang'ana buluzi pakhoma.

Ntchito imene ankadziwika nayo kwambiri inali yoika termo, chithanki chamagetsi chotenthetsa madzi osamba m'nyumba za anthu opeza bwino. Amisiri ena ankapachika termo, kulumikiza mapaipi awiri, basi, n'kumapita. Amalume sankalola kuchoka asanaike pambali pake kathanki kena kakang'ono kabuluu, kokula ngati mpira. Mwini nyumba akakana kukagula, iwo ankalongedza zida.

"Madzi akatentha amatupa," anandiuza tsiku lina tili pa makwerero.

"Ngati nyemba?"

"Ngati nyemba. Koma nyemba zili mumphika wotsegula. Awa ali m'chitsulo. Kumbuyo kuli valavu yowaletsa kubwerera kumene achokera. Kutsogolo mipopi yonse ndi yotseka. Apita kuti?"

"Akadandaule kwa mwini nyumba."

Sanaseke. Anandipatsa kathanki kaja kuti ndikanyamule. Kanali kopepuka. Anati m'kati muli labala wogawa pakati, mbali ina ya madzi, mbali ina ya mpweya. Madzi akatupa amalowa n'kukankha labalayo, mpweya n'kufinyika kuwapatsa malo. Munthu akatsegula mpopi, mpweya umawabweza. Kenako anakatembenuza, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandisangalatsa kuposa china chilichonse mu Cuamba monse: kunsi kwake kunali kamlomo ka tayala la njinga yamoto, kachipewa kake komweko, kamsomali kake komweko. Ndinamva ngati ndakumana ndi m'bale wanga kuchilendo.

Kaikidwe kake ndikhoza kukanena nditatseka maso, chifukwa ndinakaona kambirimbiri. Choyamba amalume ankamanga kawotchi koyezera pa mpopi wapanja kuti adziwe mphamvu ya madzi a m'nyumbamo. Kenako ankapopa kathanki ndi pampu ya matayala, kasanalumikizidwe, kalibe ngakhale dontho m'kati, mpaka mphamvu ya mpweya ifanane ndi ya madzi ija. Ankakalumikiza pa paipi ya madzi ozizira, pakati pa valavu yoletsa kubwerera ndi termo, ndipo pakati pa kathanki ndi termo sankalola kuikapo chotsekera chilichonse. Ankakamangirira kukhoma ndi lamba wachitsulo, kuti tsiku lina kakadzadzaza madzi n'kulemera kasadzathyole paipi. Pomaliza ankaona valavu yachitetezo, imene imatulutsa madzi mphamvu ikapyola muyezo, ndipo kapaipi kake ankakatulutsira panja poonekera.

Zonse zikatha ankaitana mwini nyumba. Ankatenga sipanala n'kugogoda kathanki, ngwee, kulira ngati belu. Ankatseka maso, mutu utapendekeka ngati munthu womvera kwaya.

"Mwamva? Kakupuma."

Patapita masiku atatu ankabwereranso kudzagogoda, popanda kuitanidwa.

Pano ndikakhala pakhonde pathu ndimayesa kukumbukira ngati ndinasekapo ku Cuamba, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Sindikukumbukira. Anyamata a m'dera lathu ankalankhula Chimakua, ine ndikati ndiponyepo nthabwala m'Chipwitikizi inkafika itazizira. Ankanditchula wa ku Malawi, ngakhale ndinabadwira mbali ino ya malire. Lamulungu ndinkakhala pa mlatho wa njanji kuwerenga mabogi, kuyang'ana mapiri a Mitucué, kudikira kuti dzuwa lipendeke. Amalume sankandilipira, ankangondipatsa kangachepe ntchito ikayenda bwino. Theka ndinkatumizira mayi pafoni kuti aone kuti ndine munthu, lina ndinkagula mandasi. Mauthenga anga opita kwathu anali mabodza okhaokha. Ndinkati ndili ndi anzanga ambiri, ndinkati ndimasamba madzi otentha tsiku lililonse. Zoona zake n'zakuti ife oika ma termo tinkasamba madzi ozizira a mu ndowa kuseri kwa nyumba. Mayi ankayankha mwachidule: "Uziwamvera amalume ako. Wadya?"

Ndipo amalumewo anali munthu wosaseka. Sanali aukali, ayi. Ankandisiyira chidutswa chachikulu cha nsomba, ankandifunditsa jekete lawo m'nyengo yozizira. Koma miyezi isanu sindinaone dzino lawo. Ndinayesa zonse. Ndinaika chule m'bokosi la zida, anangomutulutsa n'kumuika paudzu. Ndinamanga zingwe za nsapato zawo pamodzi, anamasula ngati ndi mmene anazisiyira. Munthu ngati ine zimenezi zimamupweteka kuposa chikwapu.

Kenako kunabwera ntchito yaikulu. Dona Firimina, mayi wamasiye wa munthu wina wa ku njanji, anali atamanga pensau, nyumba yogona alendo ya zipinda zisanu ndi chimodzi. Anali ndi thanki yake ndi pampu yamagetsi yokankha madzi, ndipo ankafuna termo wamkulu kudenga, pamwamba pa kanjira kopita kuzipinda. Anali mayi wodziwika, wa pakamwa potseguka, woti akakuyamikira tawuni yonse imamva. Amalume anameta ndevu tsiku limene tinayamba. Tinagwira masiku anayi. Tsiku lomaliza anagogoda, ngwee, Dona anaomba m'manja, ndipo onse anatsika kukamwa tiyi. Ine anandisiya kudenga kuti nditole zida.

Maganizo anga anali osavuta, ndipo mpaka lero ndimati anali abwino. Ndikatulutsa mpweya, madzi adzaza kathanki. Pa tsiku lachitatu Mesitiri adzabwera, adzaitana Dona, adzatseka maso, adzagogoda, ndipo m'malo mwa ngwee kadzalira phu, ngati dzungu. Ndinkafuna kuona nkhope yawo. Kenako ndidzatulutsa pampu imene ndidzakhale nditabisa kumbuyo, tidzakhuthula madzi, tidzapopa, basi. Mwina adzaseka. Mwina adzandithamangitsa ndi sipanala. Zonse ziwiri zikanandikomera. Ndinatsegula kachipewa, ndinadina ndi kamtengo ka machesi, tsiii, mpaka kutheratu. Ndinabwezerapo kachipewa bwinobwino, ndinatsika ndikuimba mluzu.

Tsiku lachitatu amalume sanadzuke. Anali malungo, aakulu, owagoneka m'chipatala. Ndinkawaperekera phala, ndinkawachapira, ndipo foni yawo inali m'thumba langa. Patapita masiku angapo inalira. Anali Dona.

"Mnyamata, Mesitiri ali kuti? Kapaipi kanu kapanja kakudontha. Khoma langa latsopano lachita mzere."

Ndinadziwa chifukwa chake. Madzi analibenso kopita, ndiye valavu yachitetezo inkawatulutsa. Ndikanatha kupita ndekha tsiku lomwelo ndi pampu, njira ndinkaidziwa, kachitidwe ndinkakadziwa. Koma nthabwala yanga inali isanapse. Ndinati amalume achira posachedwa, kudontha si imfa.

"Musadandaule, Dona, zimatero. Tibwera."

Anaimbanso kawiri. Sindinayankhe.

Zimene zinachitika kumeneko tinazidziwa pambuyo pake. Dona anatopa ndi mzere wa pakhoma, anauza mlonda wake kuti achitepo kanthu. Mlondayo, bambo wachikulire wofatsa amene ankatisungira njinga tikamagwira ntchito, anakwera kudenga, anachotsa kapaipi kaja n'kumangapo chotsekera chachitsulo. Kudontha kunatha. Dona anamuyamikira. Termo anapitiriza kutentha ndi kuzizira, kutentha ndi kuzizira, madzi akukankha chitsulo tsiku ndi tsiku. Loweruka lina m'mawa, zipinda zonse zitadzaza ndi alendo obwera ku ukwati, msoko wa termo unang'ambika. Pampu yamagetsi sidziwa kuti kwang'ambika, imangoona kuti madzi akufunika, ndiye inapitiriza kukankha. Matabwa a kudenga ananyowa n'kugwa. Matiresi, masutikesi, zovala za akwati, zonse. Mwayi wake alendo anali atapita kutchalitchi ndipo palibe anapsa.

Amalume anali atangotuluka m'chipatala dzulo lake. Uthenga utatifika tinapita wapansi, iwo akupuma pa mtengo uliwonse. Tinapeza anthu atadzaza pabwalo, zovala zitayanikidwa pa mpanda, Dona akulankhula mokweza kuti msewu wonse umve. Amalume anakwera makwerero, ine pambuyo. Anaona chotsekera chija. Anayang'ana pansi pamene mlonda anaima atagwira chipewa pachifuwa. Anagogoda kathanki. Phu. Palibe anaseka, ngakhale ine.

Anadina kamsomali. Sipanatuluke mpweya, sipanatulukenso madzi, kusonyeza kuti labala wa m'kati sanang'ambike. Anakamasula, anakhuthula madzi, anapopa, anapaka thovu la sopo pakamlomo n'kudikira. Palibe thovu linatukuka. Kathanki kanali kabwinobwino. Mpweya sunathawe wokha. Pamenepo anandiyang'ana, nthawi yaitali, ndipo ine ndinayang'ana buluzi amene kunalibe.

"Mesitiri, ndiuzeni," anakuwa Dona kuchokera pansi. "Walakwa ndani?"

Amalume anatsika pang'onopang'ono. Chotsekera chija ndinaona atachilowetsa m'thumba.

"Ndine, Dona. Ndinaiwala kupopa mpweya. Ndakalamba."

"Koma munagogoda ine ndikuona!"

"Makutu nawonso akalamba."

Pobwerera ndinadikira kuti andifunse. Ndinali nditakonza kale mayankho, ena oseketsa. Sanafunse. Pafupi ndi njanji anangoti, "Mlonda uja ali ndi ana asanu." Za ine sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Cuamba si yaikulu. Pofika Lolemba nkhani inali itafika kumsika, kutchalitchi, m'masitolo a mapaipi. Amalume anakonza denga la Dona ndi manja awo, ndipo kuti termo wina apezeke anagulitsa makina awo odulira mapaipi komanso njinga yawo. Dona analandira zonsezo, koma kuika termo watsopano anaitana anyamata ena ochokera ku Nampula. Kenako foni inangokhala chete. Tinkadzuka, kuvala, kukhala pakhomo ndi bokosi la zida ngati anthu odikira chapa. Nthawi zina wina ankatiitana kukamasula chimbudzi chotsekeka. Mwezi woyamba tinadya kawiri patsiku, wachiwiri kamodzi. Mayi ndinkawalemberabe kuti zonse zili bwino, koma ndalama ndinasiya kutumiza, ndipo iwo sanafunse. Mwezi wachitatu mwini chipinda anabwera kudzacheza nafe mwaulemu kwambiri. Atachoka, amalume anayamba kukulunga mphasa.

"Tikupita kwathu," anatero.

Ndinkaganiza kuti kubwerera kudzakhala kwanga, mwana wolowerera kufika ndi nkhani za m'tawuni. Koma wobwerera weniweni anali iwo, ndipo Mandimba sinawadziwe. Pa siteji anyamata a njinga ankawalimbirana ngati mlendo, kuwafunsa ngati akupita kumalire. Ana a m'dera lathu ankawatchula agogo a ku Cuamba. Munda umene unali gawo lawo ku Mitande unali utalimidwa kale ndi ana a asuweni awo zaka zambiri, mitengo ya mango imene anthuwo anadzala itayamba kubereka, ndipo amalume anangoiyang'ana n'kunena kuti yakula bwino. Malata a nyumba yathu, ndinamva tsiku limenelo, anagula ndi iwo ine ndisanabadwe, koma m'nyumbamo munalibe chipinda chawo. Tinawasesera kachipinda kosungiramo chimanga. M'dera lathu lonse mulibe nyumba ya termo. Madzi timatunga pa mjigo. Bokosi la zida lili pansi pa bedi lawo, ndipo Loweruka lililonse amalitulutsa, kupukuta sipanala iliyonse ndi mafuta, n'kulibwezera.

Kwa mayi anangoti, "Ntchito yatha, mlongo. Maso afooka."

Mayi anavomera ndi mutu, anawapatsa madzi akumwa, anawafunsa za ulendo. Amalume atapita kukagona masana, mayi anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankapeta nyemba. Sanakweze mutu.

"Achimwene amalowetsa ulusi mu singano popanda magalasi. Unachita chiyani?"

Ndinawauza zonse. Ndinayesa kufotokoza mokometsera, ndi tsiii wake, ndi phu wake, chifukwa ikafotokozedwa bwino ndi nkhani yoseketsa ndithu. Lichero linaima. Ndinakonzekera mbama, ndinatembenuza kale tsaya. Mayi anangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyambanso kupeta.

"Kuyambira mawa," anatero, "uzidzuka tambala woyamba. Uzikatunga madzi, uziwaza nkhuni, uziwatenthetsera amalume ako madzi osamba, uziwanyamulira kubafa. Tsiku lililonse."

"Mpaka liti?"

"Mpaka tsiku limene foni yawo idzalire kuchokera ku Cuamba."

Ndiye ndi chimene ndikuchita, ndipo kunena zoona chilango chimenechi n'chopepuka. Ena amamangidwa chifukwa cha zochepa kuposa izi. Pa mjigo ndine mwamuna ndekha pakati pa atsikana, ndowa ili pamutu, ndipo amaseka chilichonse chimene ndinganene, m'chinenero changa. Ndimawauza kuti ndine termo wabwino kuposa onse m'chigawo chathu cha Niassa muno, wosafuna magetsi, woyenda yekha mpaka kubafa. Amalume amaviika chala m'ndowa, amati, "Zikomo, mphwanga," n'kutseka chitseko cha udzu. Mvula yabwera, yapita, chimanga chakololedwa. Sukulu yati ndikhoza kubwerera, ndipo ndawauza kuti ndizichedwa pang'ono m'mawa chifukwa ndili ndi ntchito.

Kwathu kulibe magetsi, ndiye foni ya amalume imafuna kupita nayo kumsika kuti ikalowe moto. Zimenezo sizili m'chilango, palibe anandituma. Ndimapita nayo ndekha masana aliwonse, ndimakhala pabenchi kuidikira mpaka idzaze, ndipo pobwerera ndimainyamula m'manja, osati m'thumba, kuti ikalira ndiimve.